Anandikopera makina oswera mtedza, lero akuti tipange gulu. Ndilowe?

Funso

"Ndine wowotcherera zitsulo mu Lilongwe. Pamzere pathu pali mashedi oposa khumi, ndipo kwa zaka zambiri tonse tinkangopanga mageti ndi mafelemu a zitseko ndi mawindo. Zaka ziwiri zapitazo ndinayamba kupanga makina oswera mtedza, opukusa ndi manja. Ndinawononga zitsulo zambiri ndisanawapezetse, chifukwa oyambirira ankaphwanya mtedza m'malo mongoswa makoko. Malonda atayamba kuyenda, mnyamata amene ndinamuphunzitsa ntchito ndi manja angawa anachoka n'kukalowa kwa mnzanga wa shedi yachitatu kuchokera panga. Lero tilipo asanu amene tikupanga makinawa, ndipo ena akugulitsa motchipa zinthu zosalimba, moti alimi ayamba kunena kuti makina a pamzere pathu ndi achabechabe. Tsopano anthu omwewa abwera kuti tipange gulu: tizigula zitsulo pamodzi, tisonkhe ndalama tigule lathe (makina otembenuzira zitsulo), komanso tigwirizane mtengo umodzi. Mtima wanga ukukana. Kodi kulowa m'gulu ndi anthu amene anandibera nzeru si kudzikumbira dzenje ndekha? Ndikadzatulukira china, phindu langa lidzakhala lotani?"

Yankho

Bambo, pepani ndithu. Amene sanadulepo chitsulo chogula ndi ndalama ya ndiwo, n'kuchiwotcherera, n'kupeza kuti sichikugwira ntchito, sangamvetse mmene zimapwetekera kuona wina akungobwera ndi tepi kudzayeza zomwe inu munakhetsera thukuta. Komabe mtima ukhale pansi. Anthu sakopera katundu wosayenda malonda. Ndipo mwa asanu nonsenu, ndinu nokha amene mukudziwa chifukwa chake mpata wa pakati pa chopukusira ndi sefa uli wotero. Enawo akudziwa muyeso basi. Tsiku limene mlimi adzabwere ndi mtedza waung'onoung'ono ngati Kakoma m'malo mwa CG7 kapena Chalimbana, iwo adzangokanda m'mutu pamene inu mukusintha sefa.

Ndagwira ntchito ndi amisiri komanso eni mafakitale ang'onoang'ono kwa zaka zambiri, ndipo funso lanuli ndalimvapo kwa akalipentala, kwa osoka nsapato, ngakhale kwa amayi ophika sopo. Yankho langa ndi lakuti lowani, koma musalowe m'zonse zimene anzanuwo abwera nazo. Ndiponso chinthu chimene chingakupindulitseni kwambiri sichili n'komwe pa mndandanda wawo.

Tiyambe ndi chinsinsi chija. Makina oswera mtedza sabisa kanthu m'mimba. Mnyamata wanu akanakhala kuti sanachoke, wina akanatuma mlamu wake kudzagula makina amodzi, n'kukawamasula kuseri kwa shedi madzulo omwewo. Ena angakuuzeni kuti mukatenge patenti, chikalata choletsa ena kukopera chimene mwatulukira, ku ofesi ya boma yolembetsa zimenezi. Njirayo ilipo, koma patenti imafuna chinthu chimene sichinaonekepo kwina kulikonse, pamene makina oswera mtedza opukusa ndi manja akhala akupangidwa m'maiko ambiri kuyambira kalekale. Ngakhale mutaipeza, ndalama zokokera mnzanu wa shedi yachitatu kukhoti zingapose phindu la makina a chaka chonse. Chimene mungateteze mosavuta ndi dzina lanu. Khomani kapuleti pa makina alionse, kolembedwa dzina la shedi, nambala ya foni ndi nambala ya makinawo, ndipo malonda akakula mukalembetse dzinalo ngati chizindikiro cha malonda.

Kubisa nzeru kwakanika kale. Chatsala n'chakuti nzeru zimene zikuyendayenda pamzere panuzo zizibwereranso kwa inu zitawonjezeka.

Pali nkhani imene ndimakonda kufotokozera amisiri, ya ku Cornwall, kumwera chakumadzulo kwa England. Kumeneko kunali migodi yakuya ya mkuwa ndi tini, ndipo mdani wamkulu anali madzi odzaza m'migodimo. Ankawapopa ndi injini zoyendera nthunzi, koma derali linalibe malasha. Ankachita kuwaitanitsa pa sitima yapamadzi kuchokera ku Wales, pa mtengo wowawa. Mmisiri wina dzina lake James Watt anali ndi patenti ya injini yosunga malasha kuyambira 1769 mpaka 1800. Eni migodi ankamulipira gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zimene apulumutsa pa malasha, ndipo amisiri ena amene anayesa kukonza injiniyo mwanjira yawo anathera kukhoti. Patentiyo itatha, akuluakulu a migodi anachita chinthu chosavuta kwambiri. Mu 1811 anapempha mmodzi wa iwo, Joel Lean, kuti mwezi uliwonse aziyendera injini za m'migodi, aziyeza kuchuluka kwa madzi amene injini iliyonse yakweza pa muyeso umodzi wa malasha, n'kusindikiza zotsatirazo kuti aliyense aziona. Mmisiri akasintha kanthu pa injini yake, mwezi wotsatira aliyense ankaona pa pepala ngati kusinthako kwathandiza kapena ayi. Zothandiza ankazitengera, zolephera sankazibwerezanso. M'zaka pafupifupi 30, ntchito imene injini za ku Cornwall zinkagwira pa malasha omwewo inawonjezeka kuposa kawiri, ndipo mmisiri amene injini yake inali pamwamba pa mndandanda sankasowa ntchito.

Taonani chimene anthuwa ankagawana. Sanaphatikize migodi, ndipo sanasiye kupikisana. Anangogwirizana za muyeso, ndi kuti zotsatira zizinenedwa poyera.

Kwa inu muyesowo ndi wodziwikiratu: pa ndowa imodzi ya mtedza wa makoko, ndi wochuluka bwanji umene watuluka wathunthu, wophwanyika ndi wochuluka bwanji, wotsala wosaswedwa ndi wochuluka bwanji, ndipo zatenga mphindi zingati. Ndiye ukakhala msonkhano woyamba wa gululo, pemphani chinthu ichi. Loweruka lina masana aliyense atulutse makina ake panja. Gulani thumba limodzi la mtedza wouma bwino, gawanani mofanana, bwerekani sikelo kwa wogula mbewu, ndipo opukusa akhale munthu mmodzi yemweyo pa makina onse. Itanani alimi awiri kapena atatu, makamaka amayi, poti ndiwo amaswa mtedza kumudzi ndipo adzakuuzani zomwe inu owotcherera simuziganizira, monga kuti chogwirira chili pamwamba kwambiri kapena kuti makinawo sangakwere pa njinga. Ndinaonapo zoterezi zikuchitika pakati pa opanga mbaula. Bambo wina amene ankalankhula kwambiri pa misonkhano anangoti zii ataona madzi a pa mbaula yake akuchedwa kuwira kuposa onse, ndipo sabata yotsatira anapezeka pa shedi ya mnyamata amene ankamunyoza, akufunsa za kukula kwa mabowo. Palibe amene anamulalikira. Wotchi ndi poto zinamukwanira.

Mayeso oterewa amakukomerani inu kuposa wina aliyense, chifukwa makina anu ndiwo ali patsogolo. Amathandizanso pa vuto limene mwalitchula mongodutsa, koma limene kwa ine ndilo lalikulu m'kalata yanu yonse: alimi ayamba kunena kuti makina a pamzere panu ndi achabechabe. Mlimi wa ku Mchinji sasiyanitsa shedi yanu ndi yachitatu. Makina a mnzanu akathyoka shafti, chitsulo chimene chimazunguza chopukusira, pakati pa nyengo yokolola, mbiri imene imafika m'mudzimo ndi ya mzere wonse. Walemba m'madzi amene akuganiza kuti angateteze mbiri yake yekha pamene nsomba yowola ili m'dengu lomwelo.

Ndivomereze kuti nkhani ya ku Cornwall ili ndi posiyana ndi yanu. Eni migodi ankagulitsa miyala, osati injini, choncho kuulula za injini sikunkawalanda kasitomala. Inu mukugulitsa makina enieniwo. N'chifukwa chake chitsanzo cha mzinda wa Sialkot ku Pakistan chikuyandikirani kwambiri. Mzindawu uli ndi makampani mazana angapo, ambiri a pabanja, opanga zipangizo za madokotala monga masizasi ndi zopanira za ku opaleshoni, ndipo amalimbirana ogula omwewo a ku America ndi ku Ulaya. Mu 1994 bungwe la boma la America loona za zakudya ndi mankhwala, FDA, linatsekera zipangizo za ku Sialkot chifukwa kapangidwe kake sikankafika pa miyezo yofunikira. Chiletsocho sichinasankhe kuti uyu ndi waluso, uyu ndi wachinyengo. Chinagwera onse. Bungwe la opanga zipangizowo ndilo linakakambirana ndi akuluakulu a ku America, ndipo mothandizidwa ndi boma lawo linabweretsa akatswiri oti aphunzitse makampani kalondolondo wa ntchito kuyambira pa chitsulo mpaka pa katundu womalizidwa. Panakhalanso malo oyezera zitsulo amene aliyense ankatha kugwiritsa ntchito. Makampani anayamba kukhala pansi ndi amisiri ang'onoang'ono amene ankawasulira ndi kuwapukutira zipangizo, chifukwa cholakwika cha wosula chinkabweza katundu yense. Patapita zaka zochepa malonda anabwerera mpaka kuposa kale. Koma pa nthawi yonseyi palibe amene ankauza mnzake dzina la kasitomala wake wa ku Germany kapena mtengo umene wagwirizana naye. Amalonda a mumzinda womwewu anafika posonkherana n'kumanga bwalo lawo la ndege, limene linatsegulidwa mu 2007, uku akupitiriza kulandana ogula.

Malire ake ndi amenewo, Bambo. Gawanani zimene aliyense payekha sangazikwanitse komanso zimene zikawonongeka zimapweteka nonse: makulidwe a chitsulo amene palibe ayenera kutsikirapo, mtundu wa mabering'i, kayesedwe ka makina asanatuluke pa shedi. Makasitomala anu, mitengo yanu ndi chinthu chatsopano chimene mukuchiyesa panopa, zimenezo ndi phukusi lanu. Chatsopanocho mudzachionetse mutagulitsa kale nyengo imodzi. Adzakoperanso, inde, koma adzakhala akukopera za chaka chatha.

Kugula zitsulo pamodzi ndi poyambira pabwino, chifukwa phindu lake limaoneka tsiku lomwelo: mtengo wa pikulitsa, galimoto imodzi m'malo mwa zisanu. Komanso ndi mayeso otchipa a kukhulupirika. Gulani kawiri kapena katatu, aliyense apereke ndalama yake katundu asanagulidwe, malisiti aonedwe ndi onse. Amene adzabwere ndi nkhani ya "ndipereka mawa" pa angle iron, mwamudziwiratu mmene adzachitire pa lathe.

Lathe ndiyo ikufuna kudekha. Phindu lake silokayikitsa. Shafti yotembenuzidwa bwino ndiyo imachititsa kuti mpata wa chopukusira ndi sefa ukhale wofanana mbali zonse, ndipo mpata ukafanana mtedza wophwanyika umachepa. Lathe ikakhala pafupi mumatha kuyesa ganizo m'mawa n'kulikonzanso masana, m'malo modikira sabata kuti wa ku tauni akupangireni kachitsulo kamodzi. Zatsopano zambiri zimabadwa choncho, mwa kuyesa kambirimbiri motchipa. Koma ndaona makina a magulu ambiri atafundidwa lona. Gulu lina limene ndinkaliyendera linalandira makina abwino kwambiri kuchokera kwa wothandiza wina. Mwezi woyamba panali mzere. Kenako giya imodzi inathyoka mano, ndipo aliyense analumbira kuti anawasiya ali bwinobwino. M'thumba la gulu munalibe kanthu, poti mamembala ankati sangalipire pa makina awo omwe. Nditabwererako patapita chaka ndinapeza nkhuku ikuikira mazira m'bokosi la zipangizo zake. Choncho musanasonkhe tambala, lembani pa pepala: woyendetsa lathe akhale mmodzi, wodziwa ntchitoyo, wolipidwa. Aliyense azilipira pa ntchito iliyonse, membala azingotsitsiridwa pang'ono. Gawo la ndalamazo lizipita ku akaunti yokonzetsera, yosainira anthu awiri kapena atatu. Lembaninso zomwe zidzachitike wina akafuna kutuluka kapena akamwalira, chifukwa achibale adzabwera kudzafunsa gawo lawo. Njira ina imene kawirikawiri imayenda bwino kuposa ya gulu ndi yakuti mmodzi agule lathe yakeyake, enanu mumulonjeze kuti ntchito zanu zonse muzipita nazo kwa iye pa mtengo wogwirizana. Mwini amapukuta makina ake madzulo. Gulu limaiwala.

Ndipo mzere ukakhwima umayenda choncho. Wina amasanduka katswiri wa masefa, wina wa mashafti, wina wopenta, ndipo amene ankakulandani kasitomala amasanduka wokugulitsani zipangizo kapena wogula zanu. Ngati sefa ndi kumene kuli luso lanu lenileni, ganizirani zogulitsa masefa a makulidwe osiyanasiyana kwa anzanu anayiwo. Pamenepo makina alionse amene iwo agulitsa, inunso mwadyapo.

Za mtengo umodzi zokha, kanani, ndipo kanani pamaso pa onse. Choyamba, lamulo la dziko lino la mpikisano pa malonda limaletsa opikisana kugwirizana mitengo kapena kugawana makasitomala, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission ndilo limalondoloza zimenezi. Chimodzimodzi chizolowezi chija chotenga makotesheni atatu a mashedi atatu mutapangana kale wopambana. Kupita poyera ngati gulu limodzi kukapikisana pa oda yaikulu ndi nkhani ina, ndipo n'kololedwa. Chachiwiri, mtengo umodzi umateteza wopanga zosalimba. Iye azilandira ndalama yofanana ndi yanu pa chitsulo chopyapyala, ndiye adzavutikiranji kukonza? Ndipo usiku adzatsitsabe mtengo mobisa, inu osunga pangano n'kutsala ndi makina pa shedi.

Mgwirizano wotsekereza mpikisano unagwetsapo anthu aluso kuposa ife. Opanga mawotchi a ku Switzerland, kuyambira m'ma 1930, anali ndi mapangano okhwima, ochirikizidwa ndi boma, okhudza mitengo komanso amene angaloledwe kutsegula fakitale. Sikuti nzeru analibe. Mu 1962 anakhazikitsa pamodzi malo ofufuzira ku Neuchâtel, ndipo pofika 1967 malowo anali atapanga kale wotchi yapamkono yoyendera batire ya quartz. Koma dera lonse linali litamangidwa pa timagiya ndi timasipuling'i, ndipo ambiri anaiona wotchi yatsopanoyo ngati chidole. Kampani ya ku Japan ya Seiko inayamba kugulitsa yake mu December 1969. Ogwira ntchito m'mafakitale a mawotchi ku Switzerland anatsika kuchoka pa pafupifupi 90,000 mu 1970 kufika pa pafupifupi 30,000 chapakati pa zaka za m'ma 1980. Zifukwa zinalipo zingapo, kuphatikizapo kukwera mphamvu kwa ndalama yawo, koma chimodzi chinali chakuti anthu ogwirizana kwambiri amayamba kuganiza mofanana, n'kumalimbikitsana pa cholakwika chomwecho.

N'chifukwa chake akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Anthu asanu a mzere umodzi, ophunzitsana okhaokha, nzeru zawo zimafika pothera. Ku Kumasi m'dziko la Ghana kuli dera lotchedwa Suame Magazine, kumene kwadzaza amakaniko ndi amisiri a zitsulo zikwizikwi. Mu 1980 yunivesite ya sayansi ya mumzindawo inatsegula malo ake pakati penipeni pa amisiriwo, n'kubweretsa makina otembenuzira zitsulo ndi kuphunzitsa kusungunula chitsulo m'ng'anjo zazing'ono. Amisiri amene kale ankangokonza magalimoto anayamba kupanga okha zipangizo ndi makina okonzera mbewu. Inu muli ndi mwayi woti ku Chitedze, kumene kumachitika kafukufuku wa mtedza, ndi pafupi, ndipo ku Bunda kuli aphunzitsi ndi ophunzira a zamakina a ulimi amene chaka ndi chaka amafuna ntchito yeniyeni yoti afufuze. Munthu mmodzi wovala ovolosi akagogoda pa maofesi amenewa akhoza kuuzidwa kuti abwere mawa. Gulu lokhala ndi kalata ndi zotsatira za mayeso aja m'manja limamvedwa msanga. Kumeneko mudzamvanso nkhani imene ingakugulitsireni makina: alimi ambiri amawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa ndi manja, ndipo chinyezi chimenecho chimabweretsa chuku chimene chimakanitsa mtedza wathu pa misika ya kunja. Makina oswa mtedza wouma osauphwanya akuyankha vuto limenelo, ndipo magulu a alimi ogulitsa mtedza wambiri amalidziwa bwino.

Za mnyamata uja, musamutemberere. Kampani ya ku America ya Intel, yopanga zipangizo za makompyuta, inayambitsidwa mu 1968 ndi anthu amene anachoka ku kampani ina yotchedwa Fairchild, ndipo Fairchild yomweyo inayambitsidwa mu 1957 ndi anthu asanu ndi atatu amene anathawa bwana wawo woyamba. Dera lonse la Silicon Valley, kumene kuli makampani ambiri a zamakompyuta ku America, linakula ndi anthu osamukasamuka chotere, atanyamula nzeru m'mutu. Mupatseni moni, mufunseni zomwe waona kumene aliko. Koma dzifunseninso chimene chinamuchotsa. Ngati wophunzira wanu watulukira njira yodulira chitsulo mosataya zambiri, n'kupeza kuti malipiro ake ndi omwe aja, ulendo wina adzasunga nzeruyo kuti akaigulitse kwina.

Pali pamene mufunika thandizo la ena. Gulu likafika poti ligule katundu wa ndalama zambiri kapena litenge ngongole, lilembetsedwe kaye, kaya ngati kopaletivi kaya ngati kampani. A zamalonda ku khonsolo kapena a bungwe la boma lothandiza mabizinesi ang'onoang'ono angakulongosolereni kusiyana kwake, ndipo pangano lanu lionedwe ndi wodziwa malamulo musanasaine. Musavomere kuti shedi yanu kapena nyumba yanu ikhale chikole cha ngongole ya gulu lonse. Mukayamba kulandira maoda a mabungwe akuluakulu, pitani ku Malawi Bureau of Standards mukafunse zomwe amafuna pa makina okhudza chakudya, makamaka za penti ndi zitsulo zimene zimagundana ndi mtedza. Anzanu akakakamira za mtengo umodzi, kapena akayamba kuopseza amene wakana, tulukani ndipo nkhaniyo ikafike kwa oona za mpikisano aja.

Ndipo tsiku lokaona lathe, makamaka ikakhala yakale, musapite owotcherera okhaokha. Tengani munthu amene wagwira lathe zaka zambiri, mumulipire tsiku lake. Akayang'ane ngati njanji zake sizinadyeke chapafupi ndi mutu, amvetsere magiya pa liwiro lililonse, atembenuze kachitsulo kotalika n'kukayeza mbali zonse ziwiri. Funsaninso ngati ikufuna magetsi amphamvu oyendetsera makina akuluakulu, a three-phase, chifukwa ngati pamzere panu sanafike, mtengo wowakokera muuwerengere limodzi ndi wa makinawo musanauze aliyense kuti asonkhe zingati.